Zomatira mano zakuda zija, kodi n'zoona zimayambitsa matenda oiwalaiwala?

NaTembo_Chilenje
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yondisowetsa tulo. Amayi anga ali ndi zaka za m'ma 70, tikukhala nawo kuno ku Chilenje chimwalirireni atate. Chaka chino ayamba kuiwala modetsa nkhawa. Funso lomwelo amalifunsa mobwerezabwereza, mchere amathira kawiri m'ndiwo, tsiku lina anatereka mphika pambaula n'kupita kokagona mpaka nyemba zinapserera. Mlongo wanga watumiza vidiyo pa WhatsApp, munthu wina wakunja akunena kuti zomatira mano zakuda zija zili ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi cha poizoni, ndipo ndi zimene zimadya ubongo. Amayi ali ndi mano akumbuyo omatidwa ndi chitsulo chimenecho, anawamatitsa kalekale tili ku Ndola. Mlongo wanga akuti tisonkhe ndalama tikazichotsetse msanga, ndipo pakiliniki ina yolipira atiuza mtengo woposa lendi ya mwezi. Kodi tichotse? Alipo amene anachitapo zimenezi?

Kanyama_Boy
Chotsani asisi, musachedwe. Poizoni ndi poizoni. Ku Ulaya analetsa kale, ife ndiye tikuyenda naye m'kamwa.

WaMinibasi
Amayi anga kumudzi ku Katete sanakhalepo pampando wa dokotala wa mano chibadwire. Dzino likawawa ankazula basi. Lero sakudziwa dzina langa, amanditchula dzina la malemu amalume. Mercury ameneyo anamutenga kuti?

Kanyama_Boy
Achimwene, matenda amodzi amatha kubwera ndi njira zambiri. Zanuzo sizikutsutsa zangazi.

ManoAbwino
Amayi NaTembo, pepani ndi zimene mukuona pa amayi athu. Ine ntchito yanga ndi ya mano, ndinaphunzira ku Dental Training School ku Thorn Park, ndipo funso limeneli masiku ano likubwera pafupipafupi. Ndiyambe ndi zimene vidiyoyo yanena zoona.

Chomatira chakudacho timachitcha amalgam. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mercury, theka linalo ndi ufa wa siliva, tini ndi kopa. Zikasakanizidwa zimakhala zofewa, timazitsendera m'bowo la dzino, kenako zimauma gwa. Madokotala a mano akhala akuzigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 150. N'zoonanso kuti munthu akamatafuna kapena kukukuta mano, kanthunzi kochepa kwambiri ka mercury kamatuluka ndipo amakapuma. Mukayeza mkodzo wa munthu amene ali ndi mano ambiri omatidwa, mumapezamo mercury wokwererapo pang'ono kusiyana ndi wa munthu amene alibe. Izi palibe amene akubisa.

Nkhani yagona pa kuchuluka kwake, ngati kumafika powononga ubongo. Anthu anafufuza zimenezi mozama. Ku yunivesite ya Kentucky ku America anapima ubongo wa anthu omwalira, ena amene anadwala matenda oiwalaiwala a Alzheimer's ndi ena amene sanadwale, atalemberatu mano awo omatidwa ndi zaka zimene anakhala nawo. Zotsatira zinatuluka mu 1999: mercury mu ubongo sanasiyane pakati pa magulu awiriwo, ndipo kuchuluka kwa zomatira sikunayendere limodzi ndi matendawo. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, mu 1995, anayezanso nzeru za masisitere okalamba a Chikatolika, anthu amene amadya zofanana ndi kukhala moyo wofanana. A mano ambiri omatidwa sanakhoze moperewera poyerekeza ndi anzawo. Mu 2006 kunatulukanso kafukufuku muwiri wa ana, wina wa ana 534 ku New England, wina wa ana 507 ku Lisbon. Ena anawamata ndi amalgam, ena ndi zomatira zoyera zopanda mercury, n'kuwatsatira zaka zisanu kwinako, zisanu ndi ziwiri kwinako. Pa nzeru ndi pa kukumbukira sanapeze kusiyana.

Tsono chimene ndikufuna mumvetsetse ndi ichi. Nthawi imene mercury amatuluka wambiri ndi pomata ndi pochotsa. Makina obowolera akamagaya chitsulocho pamatuluka fumbi ndi nthunzi zoposa za masiku onse. Komanso simungachotse chomatira osadyako dzino lenilenilo. Bowo limakula, makoma a dzino amapyapyala, nthawi zina mtsempha wa m'kati umakwiya, dzino limene linali phee kwa zaka makumi atatu n'kuyamba kuwawa usiku. Kuli ngati kugumula khoma labwinobwino pofuna kuzula msomali umodzi. Kwa mayi amene wayamba kale kusokonezeka, kumukhazika pampando nthawi yaitali, jakisoni m'kamwa, makina akulira, ndi chintchito chachikulu, ndipo palibe umboni woti kukumbukira kwawo kungabwerere. Ngati zomatirazo sizinasweke ndipo pansi pake sipanawole, zisiyeni.

Kanyama_Boy
Adokotala, ngati zili bwino chonchi, n'chifukwa chiyani azungu aletsa? Amenewo saletsa chinthu popanda chifukwa.

Mphunzitsi_Matero
Funso la a Kanyama_Boy ndi labwino, lisanyozedwe. Mayiko a European Union analetsa amalgam kwa ana osakwana zaka 15, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa kuyambira mu July 2018, ndipo kuyambira pa 1 January 2025 analetsa kwa aliyense, kupatula pamene dokotala waona kuti palibe njira ina. Norway ndi Sweden anatsogola kale, mu 2008 ndi 2009. Koma chifukwa chachikulu ndi chilengedwe. Zotsalira za amalgam za m'makiliniki zimapita m'mipope ya zonyansa n'kukathera m'mitsinje. Kumeneko anthu ambiri amawotcha mitembo, mercury wa m'mano amakwera ndi utsi. Akagwera m'madzi, tizilombo timamusandutsa mtundu wina woopsa kwambiri wotchedwa methylmercury, umene umaunjikana m'nsomba.

Mtundu umenewu ndi umene unapulula anthu ku Minamata ku Japan. Fakitale ya kampani ya Chisso inkatayira zonyansa zake m'nyanja, asodzi ndi mabanja awo ankadya nsomba za pamenepo, mu 1956 madokotala anayamba kuona anthu akunjenjemera, akulephera kuyenda ndi kulankhula, ana akubadwa olumala. N'chifukwa chake pangano la mayiko lochepetsa mercury la mu 2013 linatchedwa dzina la tawuni imeneyo. Zambia nayo ili m'pangano limeneli. Choncho dziko lonse likupita kosiya amalgam, n'zoona. Koma maboma a ku Ulaya sanauze anthu awo kuti thamangani mukachotse zimene muli nazo kale.

Kanyama_Boy
Ndiye kuti nsomba akuziteteza koma m'kamwa mwanga ayi?

Mphunzitsi_Matero
Akuteteza inuyo amene mudzadye nsombazo, achimwene. Wa m'nsomba uja amalowa m'magazi pafupifupi yense ndipo amafika ku ubongo mosavuta, makamaka wa mwana amene ali m'mimba.

Wa_ku_Chadiza
Ine sindikugwirizana ndi kutseka nkhaniyi msanga chonchi. A ManoAbwino atchula kafukufuku amene akugwirizana nawo yekha. Ku Taiwan mu 2015 anaona kaundula wa inshulansi ya zaumoyo wa anthu oposa 200,000 a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo anapeza kuti amene anamatidwapo ndi amalgam anali ndi chiopsezo chokwererapo cha Alzheimer's, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Komanso bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, mu 2020 linalangiza kuti anthu ena asamatidwe ndi amalgam ngati njira ina ilipo: oyembekezera, oyamwitsa, ana aang'ono makamaka osakwana zaka 6, odwala impso, ndi amene ali kale ndi matenda a ubongo monga Alzheimer's ndi Parkinson's. Alzheimer's anaitchula ndi dzina. Nanga pamenepo?

ManoAbwino
Abambo a ku Chadiza, zonse mwatchulazo ndi zoona ndipo mwachita bwino kuzibweretsa. Pa za ku Taiwan, taganizani kuti ndi ndani amene amakhala ndi mano ambiri omatidwa. Ndi munthu amene mano ake anawola kwambiri, kawirikawiri wokonda zotsekemera, mwina wodwala shuga, mwina wa nkhama zotupa. Kaundula wa inshulansi sanena ngati munthuyo ankasuta, ankamwa bwanji, anaphunzira kufika pati. Kusiyana kochepa ngati kumeneko kungabwere ndi chilichonse mwa zimenezi. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zapezeka pamodzi, satha kunena kuti ichi ndiye chabala ichi.

Pa za FDA, werengani mpaka kumapeto. Malangizo omwewo akunena kuti sakulimbikitsa aliyense, ngakhale a m'magulu amenewo, kuchotsa chomatira chimene chili bwino, pa zifukwa zimene ndanena zija. Ndiye kwa amayi a NaTembo zikutanthauza kuti dzino lina likabooka mawa, awamate ndi zoyera. Zakalezo azingoziyang'anira.

AmakeDaliso
Ine ndinachotsetsa zanga ndipo ndikumva bwino. Mutu unkandiwawa pafupipafupi, pano unachepa. Aliyense anene zake, koma thupi langa ndikulidziwa ndine.

Kabwata_Tailor
Inenso ndinachotsetsa, pakiliniki ina imene inandilonjeza kuti ndidzakhala ngati watsopano. Dzino limodzi lakumbuyo, limene silinandivutitsepo, linayamba kunyung'unya ndikamwa madzi ozizira, kenako kuwawa kosagonetsa. Anati mtsempha wakhudzidwa, pakufunika ndalama zina zochotsera mtsemphawo. Ndinalibe. Linazulidwa. Pano nsima ndi kapenta ndimatafunira mbali imodzi, chimanga chowotcha ndinasiya. Anandigulitsanso mabotolo a mankhwala akuti otsuka mercury m'magazi, amene anangonditsegula m'mimba.

AmakeDaliso
Pepani abambo. Mwina munagwera m'manja olakwika.

Nesi_wa_Usiku
A Kabwata_Tailor mwakhudza chinthu chimene chimandiwawa. Mankhwala enieni ochotsa zitsulo m'magazi alipo, koma amaperekedwa kuchipatala kwa munthu amene wayezedwa n'kupezeka ndi poizoni wochuluka, chifukwa nawonso amatha kuvulaza impso. Za m'mabotolo zogulitsidwa pa Facebook musawamwetse amayi. Ndipo musanakhale pampando wa aliyense, muli ndi ufulu wofunsa ngati ali m'kaundula wa HPCZ, bungwe lopereka ziphaso kwa ogwira ntchito zaumoyo kuno ku Zambia.

Amayi NaTembo, ndalama mukusonkhazo ndikanakonda zipite koyezetsa amayi bwinobwino. Si kuiwala konse kumene kuli dementia, matenda oiwalaiwala obwera chifukwa cha kuwonongeka kwa ubongo. Pali zinthu zingapo zimene zimasokoneza mutu wa munthu wachikulire koma zimachizika: kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chofooka, shuga wokwera kapena wotsika kwambiri, matenda a m'chikhodzodzo, chindoko chakale, HIV, ngakhale mapiritsi ena ogonetsa ndi a chimfine. Mwanena kuti atate anamwalira. Chisoni chokhalitsa chimachititsa munthu kuoneka ngati waiwala zonse pamene mtima ndi umene wafooka. Kumva kwawo kuli bwanji? Munthu amene samva bwino amafunsa funso lomwelo chifukwa yankho loyamba silinamufike.

Yambirani pachipatala chanu cha Chilenje pomwepo, munyamule mapiritsi onse amene amamwa, a kuchipatala ndi azitsamba omwe, muwaike pathebulo la dokotala. Pakafunika akutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama. Mupite ndi munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, chifukwa amayiwo akafunsidwa adzati ndili bwinobwino.

NaTembo_Chilenje
Anesi zikomo. Amayi ali ndi BP ndi shuga kuyambira kale. Amamwa metformin wa shuga, koma a BP amamwa akamva mutu kuwawa basi, akuti akakhala bwino palibe chifukwa. Ku Chainama ndiye sangalole, akangomva dzinalo adzati tikuwayesa amisala.

Nesi_wa_Usiku
Apo ndiye mwanena zazikulu kuposa mano aja. BP yosasamalidwa imawononga timitsempha tating'ono ta mu ubongo mwakachetechete, nthawi zina munthu amachita timasitiroko tosaoneka, ndipo uwu ndi mtundu wachiwiri wa dementia pa kufala kwake, pambuyo pa Alzheimer's. BP siimveka m'thupi, mapiritsi ake ndi a tsiku lililonse. Metformin naye, ngakhale ndi mankhwala abwino, akamwedwa zaka zambiri amatha kutsitsa B12. Asasiye kumwa, koma pemphani kuti ayeze.

Akatswiri a Lancet Commission mu 2024 anatchula zinthu 14 zimene zikanapewedwa zikanachepetsa dementia ndi pafupifupi 45 pa 100 alionse. Mwa zinthuzo muli BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva, kusaona bwino kosathandizidwa, kuvulala m'mutu, kukhala wekhawekha, mpweya woipa. Zomatira mano mulibemo. Za ku Chainama musaziwope, kumeneko kuli madokotala a matenda a ubongo ndi maganizo a mitundu yonse. Koma ngati dzinalo liwakhumudwitsa, auzeni adokotala, njira zina zilipo.

Gogo_wa_Mtendere
Ana anga, ine ndikupempha chinthu chimodzi. Amayiwo muziwasunga pafupi, makamaka usiku. Mu komboni mwathu mayi wina wachikulire anatuluka m'bandakucha atangomanga chitenje, anasochera, anakapezeka atakhala pakhomo la eni ake. Anthu anasonkhana akukuwa kuti mfiti yagwa pa ndege. Ena anali atatola kale miyala. Anapulumuka chifukwa mtsikana wina wogulitsa tomato anamuzindikira kuti amapemphera naye. Mayi ameneyo analera ana asanu ndi mmodzi, anali wa kwaya. Pamene ankamufunsa kuti mwachokera kuti, ankangotchula mudzi wa kwawo ku Lundazi.

WaMinibasi
Agogo mwandiliza. Amayi anga kumudzi anthu anasiya kuwapatsa moni chifukwa cha zomwezo. Achibale enieni ndi amene anayambitsa.

Mphunzitsi_Matero
Ndipo anthu adziwe kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act la dziko lino. Amayi NaTembo, auzeni anansi anu ndi akumpingo kuti amayi akudwala matenda oiwalaiwala, asamve kwa ena. Sokererani kansalu kolembedwa nambala ya foni m'kati mwa malaya awo. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi apakatikati ngati lathu lino. Si matenda a azungu.

Kabwe_Line
Ine ndimadabwa tikamaopa kachitsulo ka m'dzino pamene kwathu ku Kabwe ana akusewera pa fumbi la mtovu. Mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi la ku Chowa ndi ku Kasanda likadali ndi poizoni, ndipo mtovu umawononga nzeru za mwana, zimenezo palibe amatsutsa. Vidiyo ya zimenezo sitimatumizirana.

Rufunsa_Gold
Mercury weniweni ali kuno kwa ife okumba golide. Anyamata amamuthira m'beseni, amasakaniza ndi manja opanda kanthu kuti agwire golide, kenako amawotcha kampira ka mercury ndi golideyo pamoto, nkhope ili pompo, ana ali pambali. Utsi umenewo ndi umene umalowa m'mapapo. Ndaona anthu manja akunjenjemera, osachedwa kupsa mtima, nkhama zikutuluka magazi. Madzi otsukira aja amabwerera kumtsinje komwe akazi amatunga.

Kamwala_Trader
Onjezanipo mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa iwo anapezeka ndi mercury wambiri ndipo amawononga impso. Munthu akudzola m'mawa ndi madzulo thupi lonse, koma akudandaula za dzino limodzi.

AmakeDaliso
Apa ndiye mwayamba kutinena ife amayi.

Kamwala_Trader
Ayi amayi, abambonso akudzola masiku ano. Ndikunena chifukwa ndimawaona akugula.

Wa_ku_Chadiza
Tabwererani ku mano, abale. Zoti kwina kuli poizoni wochuluka sizikutanthauza kuti wochepayu tisamufunse. Ine ndavomera kuti zakale zisachotsedwe popanda chifukwa. Koma chatsopano, lero kapena m'tsogolomu, palibe chifukwa choti munthu aikidwe mercury m'kamwa zina zilipo.

ManoAbwino
Pamenepo sitikutsutsana kwenikweni. Ndingowonjezera kuti zoyerazo nazo zili ndi zovuta zake, kuti munthu asankhe akudziwa. Composite, imene ndi mtundu wina wa zoyerazo, imafuna dzino louma bwino pomata, malovu akangolowa siigwira. Timaiika pang'onopang'ono, gawo lililonse n'kuliwumitsa ndi kanyali kabuluu. Imatenga nthawi, imakwera mtengo, ndipo pa mabowo akuluakulu a mano akumbuyo kawirikawiri siikhalitsa ngati amalgam. Ikalephera, dzino limawolera m'mphepete mwake. Kwa munthu amene sangabwerenso kwa dokotala kwa zaka zambiri, zimenezi si zazing'ono. Kuno kwathu anthu ambiri amafika dzino litawola kale mpaka pamtsempha, chotsala n'kuzula. Ndikawaopseza ndi mercury n'kuthawa kumatitsa, mapeto ake ndi kutaya mano.

Ndipo kutaya mano ndi matenda a nkhama ndi zimene ofufuza akuziyang'anitsitsa pa nkhani ya ubongoyi. Mu 2019 asayansi anapeza zizindikiro za kachilombo ka matenda a nkhama, Porphyromonas gingivalis, mu ubongo wa anthu amene anamwalira ndi Alzheimer's. Izinso ndi zinthu ziwiri zopezeka pamodzi, koma zikutipatsa chifukwa china chosamalira m'kamwa. Munthu woiwala amaiwalanso mswachi. Amayi NaTembo, muziima nawo pamodzi madzulo, inu mukutsuka anu iwo akutsuka awo, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Akalavula asachukuche ndi madzi.

MayiWoyembekezera
Pepani ndilowerere. Ndili ndi pakati ndipo ndili ndi chakudacho dzino limodzi lapansi. Ndawerenga zonsezi ndipo mtima wanga uli m'mwamba. Mwana wanga ali bwino?

ManoAbwino
Khazikani mtima pansi amayi. Ngati sichikuwawa ndipo sichinasweke, musachikhudze, makamaka panopa. Kuchichotsa muli ndi pakati ndi kumene kungakupumitseni nthunzi yambiri. Dzino lina likabooka musadikire kuti mubereke kaye, pitani, nenani kuti muli ndi pakati, akumateni ndi zoyera. Nkhama zikamatuluka magazi potsuka musasiye kutsuka, zimachitika kawirikawiri nthawi imeneyi, koma kazionetseni.

Kanyama_Boy
Ine ndamva, koma mwana wanga wa zaka zisanu sadzaikidwa chakudacho. Dzino lake labooka kale, akukana kutafunira mbali imeneyo.

ManoAbwino
Asaikidwe ndithu, koma mupite naye sabata ino. Funsani za glass ionomer, imene ambiri amangoti simenti ya mano. Ilibe mercury, imamatirira yokha ku dzino ndipo imatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Pali njira yomatira yotchedwa ART imene inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, yopangidwira malo opanda magetsi. Dokotala amapala zowolazo ndi tizipangizo tam'manja, popanda makina olira aja, nthawi zambiri popanda jakisoni, n'kutsendera simentiyo ndi chala. Ana saiopa kwambiri. WHO inaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Imagwira bwino bowo likakhala laling'ono, ndiye kuchedwa ndi kumene kungakutayitseni mwayi umenewu. Ngati muli pa inshulansi ya zaumoyo ya boma ya NHIMA, funsani pachipatala chimene mukupitacho ngati akulandira khadi pa za mano.

Kabwata_Tailor
Adokotala, ndatsala ndi chakuda chimodzi chimene sanachikhudze. Ndidziwa bwanji kuti nthawi yochisintha yakwana?

ManoAbwino
Lilime likamamva mphepete yakuthwa kapena kampata, chakudya chikamatsakamira pamalo omwewo, mukamamva kulasa poluma chinthu cholimba, kapena kuwawa kwa madzi ozizira kukamakhalitsa mutameza kale. Kuda kwa dzino kokha si chizindikiro, amalgam imadetsa dzino ikakhalitsa. Chimodzi mwa zimenezo chikachitika kaonetseni, ajambule X-ray aone pansi pake. Pochotsa pemphani kuti aike kalabala kotchinga dzinolo ngati ali nako, azithira madzi ambiri pogaya, ndipo paipi yoyamwa ikhale pafupi ndi dzino mpaka amalize.